A Bwerezani ndi Mbatata ya Dothi Lakuda

Loweruka lapitali tidakadalitsa chiliza cha a Kalisito Ndau, ndipo ndidabwerako mtima ukundiwawa. Chilizacho n'chokongola ndithu, simenti yosalala, mtanda woongoka. Chidandiwawa ndi chaka chobadwa chimene alembapo. A Ndau sankadziwa chaka chimene adabadwa. Adandiuza okha, osati kamodzi, kuti tsamba la ubatizo lomwe padali dzina lawo lidadyedwa ndi chiswe, ndipo amayi awo ankangokumbukira kuti kunkazizira. Pa fomu iliyonse yofunsa chakacho ankalemba kuti sichidziwika, alembi n'kumachita kuwanyengerera kuti angotchula china chilichonse. Ndiye munthu wotere mukamuikire nambala yongoganizira kumutu, ya simenti, yosafufutika?

Ndidayesa kuwauza ana awo tsiku lomwe mmisiri ankapaka penti. Mwana wawo wamkulu adati chiliza chopanda chaka chobadwa chimaoneka ngati cha munthu wotoledwa pamsewu, anthu angawaseke. Ine ndidati n'zoona, monga ndimachitira nthawi zonse, n'kupita kukathandiza kutsuka mbale. N'chifukwa chake ndikulemba izi. A Ndau adandiphunzitsa kuti nambala yolakwika ikalembedwa sufufuta, umalemba pambali pake zimene zidachitika. Achibale andikhululukire, sindikufuna kunyoza munthu.

Amene simudawadziwe, a Ndau ndi aja anthu a m'midzi ya kuno kufupi ndi nkhalango ya Chongoni ankawatcha a Bwerezani. Adagwira ntchito zaka zambiri m'minda ya kafukufuku wa mbewu, ntchito yoyeza ndi kulemba, ndipo atapuma adabwerera kumudzi. Bungwe lina loyesa mbewu za mbatata ya kachewere litafika kuno, lidawapempha kuti aziyang'anira munda wake woyeserera. Mundawo udali pamtunda pa a Namaseko, apampando a kalabu yathu ya alimi. Ine ndidali nditangolemba mayeso a folomu folo, ndipo a Namaseko ndiwo adanditengera kwa a Ndau n'kuwauza kuti mtsikanayu ali ndi dzanja labwino. A Ndau adayang'ana zolemba zanga nthawi yaitali, nati dzanja labwino silithandiza maso akakhala aulesi. Umo ndimo adandilandirira.

Ntchito inkayamba ndi mwala. Adali ndi mwala wosalala wa kumtsinje, waukulu ngati papaya, umene adauyezetsa kalekale pa sikelo yodalirika n'kulemba kulemera kwake ndi penti kunsi kwake. Sikelo yathu idali yopachika, ya mbedza, ndipo inkalendewera pa phaso m'kashedi ka udzu kamene tidamanga m'mbali mwa munda. Tisanayeze kanthu kalikonse tinkayamba tapachika mwalawo m'kathumba. Sikelo ikanena zosiyana ndi zolembedwa pamwala, palibe chinkachitika mpaka ikonzedwe, ngakhale amayi ataima pamzere ndi madengu pamutu, chifunga chikuwalowa m'mafupa. Anthu ankadandaula kuti mwala sunenepa, n'kuuyezeranji tsiku ndi tsiku. Iwo ankati mwala sunenepadi, koma sikelo imatopa ngati munthu. Thumba lililonse linkayezedwa kawiri, ndipo wowerenga kachiwiri ankakhala wina. Ukatchula nambala mokweza, wokondwa kuti wamaliza, unkangomva mawu ofatsa aja kumbuyo kwako: "Bwerezani."

Aliyense ankamutchula kuti inu, ngakhale mwana woyamwa chala. Mungaganize kuti zinkakoma kumva. Ayi. Akakudzudzula ndi ulemu wotere unkasowa pogwira.

Ndimakumbukira za kope. Mwezi woyamba mvula idalinyowetsa, masamba adadzaza matope ndi zidindo za zala, ndipo ine ndidachita nalo manyazi. Ndidagula kope latsopano, ndidakhala Lamulungu lonse masana ndikukopera nambala iliyonse mwaukhondo, mizere yojambula ndi lula, lakalelo n'kuliponya m'dzenje la zinyalala. Lolemba ndidawapatsa latsopanolo ndi manja awiri, ndikudikira kuti andiyamike. Adafunsa komwe kudali lakuda. Nditawauza, adandituma kuti ndikalitole. Ndidalipeza mbuzi itadyako ngodya. Adaika makope awiriwo pamodzi n'kuyamba kufananitsa mzere ndi mzere, ine nditaima pamenepo mpaka dzuwa lidafika pamutu. Adati kope loyera limadziwa zokhazo zimene mwini wake wakumbukira, koma lakuda lidaliko kumunda. Chimene chidandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti adapezadi nambala ziwiri zimene ndidazitembenuza pokopera. Akanakhala kuti sadapeze kanthu, bwenzi lero ndikunena kuti adali ovuta chabe.

Pensulo sinkaloledwa. Labala ankamutcha mnzake wa wabodza. Ukalakwitsa unkadula ndi mzere umodzi, kuti cholakwikacho chizionekabe, n'kulemba choona pambali ndi dzina lako ndi tsiku. Tsiku limene sudayeze unkasiya mpata. Mpata m'kope sunkawachititsa manyazi ngakhale pang'ono.

Kunja kwa munda adali chimodzimodzi, ndipo apo ndi pomwe ankatikwana kwambiri. Ukawafunsa ngati kwawo mvula idagwa yambiri, ankayamba akufunsa kuti yambiri poyerekeza ndi iti. Akazi awo, a Nambewe, adasiya kupita nawo kumsika wa ku Chimbiya. Amati bamboyo ankatha kuima pamaso pa wogulitsa mbatata, kutembenuza ndowa, kuonetsa anthu onse kuti pansi pake adapamenya kuti pakwere, kenako n'kuchoka osagula kanthu. Tsiku lina pa mphakati wa kutchalitchi anthu adagwirizana kuti mlembi alembe kuti onse adavomereza za kumanga khitchini, iwo adakweza dzanja nati awiri adali atatuluka ndipo mmodzi adali mtulo. Amene adali mtulowo adali apongozi awo.

Chaka chimene mudzi udawakwiyira, anthu ankati akawaona akubwera ndi chipewa chawo cha khaki, ankakhotera njira ya kumanda. Ine ndemwe ndidakhotapo kawiri. Kuti zimenezi zimveke ndiyenera kufotokoza za nambala seveni.

M'mundamo mudali mbewu zingapo za mbatata, zopanda mayina, zodziwika ndi nambala zokha. Iliyonse inkabzalidwa m'ndime zitatu. Kuti mbewu iti ipite pati, a Ndau ankalemba nambala pa timapepala, kutiika m'chipewa n'kuitana mwana wodutsa kuti atole. A Namaseko adatsutsa tsiku loyamba lomwe. Adati malo a pafupi ndi chulu ndi achonde, bwanji osaikapo mbewu yomwe alendo akuiyembekezera. A Ndau adati n'chifukwa chake chipewa chisankhe, chifukwa chipewa chilibe mbewu yapamtima. Patapita milungu ingapo adapeza manyowa a mbuzi atathiridwa m'ndime imodzi yokha. Adawaola ndi manja awo n'kukawabweza pakhomo pa a Namaseko mu lichero, moni ndi ulemu wonse.

Mwini kafukufukuyo adali a Limbani, mwana wa aphunzitsi ena a ku Kasina, amene ankachita maphunziro apamwamba a zaulimi. Ankabwera pa njinga yamoto, ankadya nafe chimanga chootcha, ankadziwa mayina a ana a aliyense. Tonse tinkawakonda. Ankafufuza mbewu yopirira chiwawu, matenda aja amene amapsereza masamba a mbatata mvula ikachuluka, ndipo mtima wawo udali pa seveni. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi, moti anthu adasiya kunena kuti seveni, ankangoti ya a Limbani. Kunena zoona inkasiririka. Chiwawu chitapsereza zinzake, iyo idali chiimire, yobiriwira. A Limbani adatiuza kuti ikachita bwino pa sikelo, akuluakulu adzaichulukitsa n'kugawira makalabu a mapiri onse ano mvula ina isanagwe.

Tsiku lokolola litafika, kumudzi kwa a Nambewe kudagwa maliro a mlongo wawo. A Ndau sakadachitira mwina. Adadutsa kushedi m'mamawa, adayeza mwala, adandipatsa kope nati zabwino ndiyeze pazokha, zowola pazokha, ndipo chilichonse chotuluka m'ndime chidutse pa sikelo. Adabwereza kawiri, ndipo ine ndidati ndamva.

Titafika pa seveni, makasu atalowa pansi, zoona zidatulukira. Masamba adatinamiza. Pansi mbatata zambiri zidali zowola, zina zongophulika m'manja, fungo lake losaneneka. A Limbani adali kumapeto ena a munda, akujambula ndi foni ndi kucheza ndi abambo. Ndidaona a Namaseko akunong'oneza amayi awiri. Ndidaona zowola zikutengedwa m'madengu kupita kuseri kwa mpanda wa nkhadze. Patapita kanthawi ndidaona amayi omwewo akukwera kuchokera kumunsi, komwe a Namaseko ali ndi munda wina m'mbali mwa dambo, wina ndi ndowa, wina atamanga kanthu pa chitenje. Mbatata za kumeneko n'zoyera khungu ngati seveni. Zidalowa m'matumba. Matumbawo atafika kwa ine, a Namaseko adandiyang'ana n'kumwetulira, ndipo ine ndidapachika, ndidawerenga, ndidalemba. Pa malo a zowola ndidangojambula kamzere. Ndidasayina dzina langa pansi.

Sindinena kuti sindidadziwe. Ndidadziwa. Koma adali a Namaseko, amene adandipezera ntchito, amene amakhala benchi limodzi ndi amayi anga kutchalitchi. Ndipo a Limbani ataona nambalazo adavula chisoti chawo cha njinga n'kuchiponya m'mwamba. Adajambula tsambalo n'kulitumiza kwa akuluakulu awo nthawi yomweyo. Ndidadziuza kuti munthu wakondwa, palibe wafa.

M'mawa mwake a Ndau adafika ali ndi maso ofiira a kumaliro. Adayeza mwala, ngakhale padalibe choyeza tsikulo. Adatsegula kope n'kuyenda ndi chala mzere ndi mzere. Chala chidaima pa kamzere kanga kaja. Adamasula thumba limodzi la seveni, adapisa dzanja mpaka m'chigongono, adatulutsa mbatata zingapo n'kupita nazo pakhomo pomwe padali kuwala. Adatenga kamtengo ka machesi n'kuyamba kutokosa timaso ta mbatata, muja dothi limabisala. Kenako adabwera n'kuika mbatata ziwiri pa tsamba lomwe padali dzina langa.

"A Nanyoni, munda uno dothi lake ndi lotani?"

"Katondo, agogo."

"Lofiira."

"Inde."

"Nanga mbatata iyi, dothi lakudali idakalitenga kuti? Imayenda?"

Ndidayang'ana pansi. Ndidalakalaka akadandikalipira, koma adangodikira. Pamapeto pake adandituma kuti ndikaitane a Namaseko, iwo n'kuimbira foni a Limbani.

A Namaseko sadakane n'komwe. Adafika akupukuta manja pa chitenje, nati palibe mlandu apa. Mwana wa eni wakhala nafe miyezi yonseyi, wanyowa nafe mvula, wadya nafe, ndiye tsiku lake lalikulu timubweze ndi thumba lopepuka ngati wabwera kwa adani? Adati ngakhale wogula tomato pamsewu amamuikirako basela, nanga mlendo wa pakhomo. Adanena izi moona mtima, ndipo mpaka lero sindikhulupirira kuti adafuna kunamiza munthu.

"Sikelo si mlendo, mayi," adatero a Ndau.

"Inu a Bwerezani, mudzafa ndi nambala kukhosi."

"Zikhale zoona, basi."

A Limbani adafika chakumasana. Atamva nkhaniyo adakhala pa thumba, adagwira mutu. Adati akuluakulu ayankha kale, amuyamikira, ndipo lipoti likupita kumsonkhano sabata yomweyo. Adati maphunziro awo onse atsamira pa munda uwu, ndipo akauza anthu kuti ndime zasokonezeka ndiye kuti chaka chathunthu chapita m'madzi. Kenako adayamba kufunafuna potulukira. Adati tingochotsako zomwe zidawonjezedwa. Atafunsa a Namaseko kuti zidali zochuluka bwanji, iwo adati mwina ndowa ziwiri, mwina zitatu, kuphatikiza za pa chitenje zija. A Ndau adati m'kope mulibe danga lolembamo mwina. Tidayesa kusankha ndi maso, zofiira uku zakuda uku, koma mbatata zidali zitakhuzana m'matumba, zambiri sizinkadziwikanso kwawo. Tidapita kuseri kwa nkhadze kukafukula zowola, tidapeza phala lokhalokha ndi ntchentche.

Pobwerera a Limbani adatsitsa mawu. "Madala, ndani adzadziwe?"

"Adzadziwa mayi amene adzabzale munda wonse chifukwa chokhulupirira dzina lanu. Adzadziwa tsiku lokumba."

Apo a Limbani adanena chinthu chimene sindidachiyembekezere. Adati a Ndau padalibepo dzulo. Adati mwa lamulo lawo lomwe, munthu salemba zimene sadaone. M'kope muli nambala, muli dzina la mlembi, ndipo mlembiyo sadalembe dandaulo lililonse. Dothi lakuda pa mbatata likhoza kuchokera m'thumba lakale. Sadanene mwaukali ayi, ankangooneka ngati munthu amene wagwira udzu pomira.

Ndidaganiza kuti a Ndau apsa mtima. M'malo mwake adavomera. Adati a Limbani anena zoona, iwo angathe kulemba za dothi zokha, chifukwa ndi zimene aona ndi maso awo. Za dzulo angalembe ndi amene adalipo. Adatulutsa bolopeni m'thumba la jekete n'kuiika pa kope, pafupi ndi mbatata ziwiri zija, ndipo adapita kukaima pakhomo akuyang'ana kuphiri ngati nkhaniyo sikuwakhudza.

Sindidakwiyirepo munthu ngati mmene ndidawakwiyira nthawi imeneyo. Akadatha kunditeteza. Akadatha kunena kuti mwanayu ndi wamng'ono, musamuike pakati. A Namaseko adali kumanja kwanga, a Limbani kumanzere, onse anthu amene ndinkafuna kuti azindikonda, ndipo nkhalambayo idali kuwerenga mitengo ya bulugamu. Ndikadasiya bolopeniyo pamenepo, nambala zikadapita kumsonkhano, seveni ikadafika m'makalabu. Ndidakumbukira munda wa amayi anga, womwe ndi umodzi wokha, ndi fungo la kuseri kwa nkhadze.

Ndidadula nambala zitatu za seveni, iliyonse ndi mzere umodzi. Dzanja labwino lija lidatulutsa zilembo ngati za mwana wa sitandade wani. Ndidalemba kuti zowola zidatayidwa zisanayezedwe, kuti m'matumba mudawonjezedwa mbatata za munda wina, ndipo kuti ine mlembi ndidaona koma sindidanene. Dzina la a Namaseko sindidalembe. Ndidasayina langa.

A Ndau adabwera, adavala magalasi, adawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ndinkayembekeza mawu amodzi okha ondilimbitsa mtima.

"Mwaiwala tsiku," adatero.

A Limbani adajambula tsambalo n'kupita pansi pa mtengo wa pichesi kukaimba foni. Adakhalitsako. Sitidamve zomwe ankanena, tinkangoona dzanja likukwera ndi kutsika. Atamaliza adaliza njinga n'kuchoka osatsanzika.

Seveni siidagawidwe chaka chimenecho. A Limbani adabwereza ntchito yawo yonse, koma osati kwathu. Bungwe lija lidasamutsira munda kudera lina, ndipo udapita ndi zonse zimene zinkabwera nawo: alendo a magalimoto, masiku a chionetsero, mbewu yotsala imene a kalabu ankagawana. Ntchito yanga idathera pomwepo, ya a Ndau chimodzimodzi. Anthu sadakwiyire amene adawonjezera mbatata, adakwiyira amene adatokosa timaso ndi machesi. Ankati nkhalamba yathamangitsa chitukuko chifukwa cha dothi lodzaza chikhadabo. A Namaseko adasintha benchi kutchalitchi, ndipo amayi anga adakhala mwezi akundiyankha ndi mphuno.

Mungaganize kuti a Ndau adayesa kudzitchinjiriza. Njira idalipo yosavuta. Akadangouza anthu kuti awapulumutsa ku mbewu yowola, ambiri akadawamvetsa. Koma ayi. Patapita miyezi, a Namaseko mtima utatsika, adayamba okha kuuza anthu kuchitsime kuti seveni idali mbewu yachabechabe, bola idapita. A Ndau atamva adavala chipewa n'kupita kwawo kukawadzudzulanso. Adati palibe akudziwa ngati seveni ndi yoipa. Mwina idawola chifukwa cha mvula ya chaka chimenecho, mwina chifukwa cha malo, ndipo umboni womwe ukadatiuza tidautaya tokha kuseri kwa nkhadze. Chokha chimene tikudziwa n'chakuti sitidziwa. A Namaseko akuti adawaponyera chitsononkho. Munthu ukumuikira kumbuyo, iye n'kukana! Ndi anthu angati otere?

Zomwe seveni idachita kwina ine sindidziwa, ndipo sindilemba.

Tsiku lina ndidalimba mtima n'kuwafunsa a Ndau ngati ndidachita bwino pa tsiku lija. Adaganiza kaye, monga ankachitira ndi funso lililonse, nati ndidachita bwino koma mochedwa ndi tsiku limodzi. Ndidabwerera kunyumba ndikulankhula ndekha m'njira.

Adandiononga, ndinene choncho. Masiku ano ndimaitanidwa nthawi zina kukafunsa anthu mafunso a kafukufuku m'midzi. Anzanga ena akatopa amakhala pansi pa mtengo n'kudzaza mafomu a nyumba zimene sadafikeko, ndipo amamaliza dzuwa likadali pamwamba. Ine ndimakwera phiri kukafuna nyumba imodzi yotsala, n'kupeza eni ake apita kuchigayo, n'kusiya mpata. Ndimakhala womalizira tsiku lililonse, galimoto ikundidikira, anzanga akundiyang'ana ndi diso lofiira. Palibe amandikakamiza. Koma ndikangogwira cholembera kuti ndiganizire yankho, ndimamva kumbuyo kwanga munthu akukonza kukhosi.

A Ndau adadwala miyezi iwiri chaka chatha, nthawi ya chisanu. A Nambewe amati ngakhale kuchipatala adavutitsa anamwino, ankafuna aone okha zomwe makina oyeza magazi anena, ndipo tsiku lina adapempha kuti abwereze. Amatinso mbatata yakuda ija adaitenga n'kuisunga pawindo mpaka idafota ngati chikopa, ndipo adawauzapo kuti mwana wa a Nyoni uja maso ake adadzuka. Izi sindidamve ndekha. Ndikulemba monga ndidauzidwa.

Pa maliro a Namaseko ndiwo adatsogolera amayi ophika, ndipo adalira kuposa achibale ena. Loweruka lija la chiliza kudabweranso a Limbani, tsopano ndi galimoto, tsitsi litayamba kuthothoka pamphumi. Sitidaonane kuyambira tsiku la pichesi. Mapemphero atatha, anthu akupita kukadya, ndidawapeza ataima okha kutsogolo kwa chiliza, akuwerenga. Adandipatsa moni ngati tidasiyana dzulo. Kenako adaloza chaka chobadwa chija ndi chibwano.

"Ichi adachipeza kuti?"

"Adangoganizira."

Adapukusa mutu, adaseka pang'ono, kenako adatulutsa mpango n'kupukuta m'maso. Adafunsa ngati kope lakuda lija lilipo, nati akufuna ophunzira awo alione. Ndidati lili kwa a Nambewe, ndipo ngodya imodzi idadyedwa ndi mbuzi.

Dzulo ndidadutsa kumunda kuja. A Namaseko adabzalamo nyemba, ndipo zikhomo zomwe zinkalekanitsa ndime zidapita kale pamoto. Kashedi kadakalipo, kopendekera kumadzulo, udzu wa denga utathothoka mbali imodzi moti dzuwa limafika pamene pankakhala tebulo. Muli makasu awiri, matumba opanda kanthu ndi nkhuku yofungatira pangodya. Sikelo adaitenga eni ake. Pa phaso patsala waya wopindika pomwe inkalendewera, ndipo pansi pake dothi lidakali lolimba, lolowa pang'ono, pamalo pamene tinkaima powerenga.

Mwala uja ulipo. Wina adauika pakhomo kuti uzigwira chitseko mphepo ikamaomba. Ndidautembenuza, nambala ya penti ikuonekabe kunsi kwake, ndi dzina la a Ndau, ndi tsiku. Ndidaunyamula m'manja kanthawi. Ndidaona ngati wapepukako, koma m'kashedimo mulibenso choyezera, ndiye sindinganene.